Bulauzi ya Achemwali Ikukoka Kumanzere

Lolemba, 6 Okutobala

Mabulauzi apinki a gulu lathu la amayi: 24. Ndasoka 15. Ulusi watha, wakweranso mtengo. Kuyeza khansa ya m'mawere ndi pa 18, anamwino abwera ku holo monga chaka chilichonse. Achemwali, poti ndi wapampando, ali khomo ndi khomo ndi kaundula wawo. Ngakhale mayi wa makala uja, amene ankati sangavulire mlendo, walembetsa. Achemwali akakuyamba sukana.

Bulauzi yawo yokha ndiyo yandizunguza mutu. Ikukoka kumanzere. Ndaiphwasula kawiri. Zaka 19 pa makina, lero ndigonje ndi bulauzi?

Lachitatu, 8 Okutobala

Abwera kudzayesa. Amafuna kuvalira pamwamba pa diresi, ati akuthamangira msonkhano. Ndakana. Pobaya mapini, dzanja langa lagunda chinthu cholimba kumanzere, cha kukhwapa. Iwo kudzidzimuka. Ndakoka kamisolo osapempha. Khungu la timaenjemaenje ngati la lalanje. Nsonga ya bere yalowa mkati. Zomwezo zimene iwo eni amatilozera pa chithunzi ku gulu Loweruka lililonse.

Ati, "Iwe soka bulauzi, zinazi si za telala." Atenga chikwama, ulendo.

Mapini akadali pansi.

Lachinayi, 9 Okutobala

Sindinasoke kanthu. Tsiku limene amayi anamwalira ndi matenda omwewa, ife awiri tinalonjezana pakhonde la chipatala: kuyezetsa chaka chilichonse, ndipo wopeza kanthu auze mnzake tsiku lomwelo. Mawuwo anayambitsa ndi iwo. Gulu lonseli linabadwira pamenepo.

Chaka chatha nditamva kachotupa ndinawaimbira ndili m'bafa, sopo ali m'thupi. Anandiperekeza, anandigwira dzanja mpaka dokotala atanena kuti n'kopanda vuto. Tinaseka njira yonse. Kodi ndinkaseka ndi ndani?

Chikundipweteka kwambiri n'chakuti chaka chilichonse ndimawaona ndi maso angawa akulowa kuseri kwa katani koyezerako, n'kutuluka akumanga batani la pakhosi. "Zanga zili bwino, wotsatira!"

Loweruka, 11 Okutobala

Ndinapita kwawo masana. Ndinawapeza akusita. Alamu ali pamsewu ndi lole, sakudziwa kanthu.

Aulula, maso ali pa simbi. Kuseri kwa katani amalowa ndi kaundula ndi madzi akumwa a anamwino. Kucheza pang'ono. Namwino aliyense amayesa kuti anayezedwa kale ndi mnzake. Batani amamasula okha, kuti atuluke akumanga. Batani limene ndinasokerera ine!

Ati anaona mmene amayi anathera, safuna kumva dzina la chinthucho likutchulidwa pa iwo. Ati wapampando akapezeka nayo amayi onse athawa, adzati kuyezetsa n'kopanda ntchito. Ati ikadutsa 18 apita okha. Nditafunsa kuti chinayamba liti, ati posachedwapa.

"Usauze munthu, mng'ono wanga. Lumbira."

Sindinalumbire. Andinamize zaka zonsezi, kenako bodzalo ndiwasungire ndine? Ndinabwerera wapansi kuti mkwiyo utsike. Sunatsike.

Lachitatu, 15 Okutobala

Mabulauzi onse atha. Yawo ndawonjezera nsalu kumanzere, yakhala bwino zedi, palibe angaone kanthu. Nditaipachika ndachita manyazi.

Ndawamva kumsika ndi chimkuzamawu: "Amayi, mukazindikira msanga mupulumuka!" Anthu kuunjikana. Ndadutsa njira ina.

Singano ziwiri zathyoka. Mutu kuwawa.

Loweruka, 18 Okutobala

Ndachita. Ndilembe zonse ndisanayambe kudzikana.

Holo yodzaza, mabenchi osakwanira, ena kukhala pamazenera. Amayi oposa 90. Achemwali pakhomo la katani ndi kaundula, bulauzi yanga ikuwakhala bwino. Ndinawauza kuti apumuleko, lero woitana mayina ndikhale ine. Anandipatsa, osaganiza.

Dzina loyamba ndinaitana lawo. Lonse, mokweza. N'kuwonjezera kuti chaka chino wapampando ayamba yekha, ine ndilowa nawo ngati mboni. Amayi kuwomba m'manja, nthungululu holo yonse. Mayi wa makala kukuwa, "Mtsogoleri ndi ameneyo!" Kothawira kunalibe. Anamwetulira anthu, ine anandiyang'ana diso limene sindinalionepo chibadwire.

Kuseri kwa katani mabatani ndinamasula ine. Namwino wamkulu anagwira kamodzi, nthabwala zake zonse zinatha. Anangoti, "Amayi, inu?" Kalata ya kuchipatala chachikulu, Lolemba lomwe.

Potuluka anandinong'oneza, "Wandigulitsa pagulu." Kenako anatenga kaundula n'kupitiriza kuitana mayina mpaka womaliza. Mawu osanjenjemera. Amayi enanso atatu apatsidwa makalata.

Lolemba, 27 Okutobala

Masiku 9 osandilankhula. Foni sayankha. Ndamva kwa alamu kuti kuchipatala anawadula kanyama kokayeza. Alamu akhala pa mpando wa makasitomala ola lathunthu, akupotokola chipewa.

Amayi a gulu adziwa. Palibe wathawa. Agawana masiku ochapa ndi operekeza, ndipo alembetsa ena 11 atsopano. Zimene ankaopazo sizinachitike n'komwe. Anabisira chiyani ndiye?

Ati ndawagulitsa. Nanga ine amene ndinkadikira kunja kwa katani, kuthokoza Mulungu chifukwa cha batani? Ndikuwafuna. Ndakwiya nawo. Zonse pamodzi.

Lachinayi, 6 Novembala

Achemwali anatuma alamu dzulo kuti ndiwaperekeze kukamva zotsatira. Tapita pa basi.

Ndi khansa. Yafika kale kukhwapa. Mankhwala a m'mitsempha kaye, opaleshoni pambuyo. Dokotala wati alimbana nayo, koma sanalonjeze kanthu. Anafunsa kuti anachimva liti koyamba. Achemwali ati zaka ziwiri ndi theka. Dokotala anangolemba, osadzutsa mutu. Zaka ziwiri ndi theka! Posachedwapa wawo uja ndi ameneyo.

Pobwerera ati ndiwasokere bulauzi yotsegula kutsogolo, ya mabatani akuluakulu, yosavuta kuvula kuchipatala. Mawu oyamba kwa ine chichokere pa 18.

Ndafika kushopu, ndatsegula buku la miyezo, tsamba lawo. Ndimafuna chifuwa ndi mapewa basi. Pambali pali timawu tapensulo. Diresi la Epulo chaka chatha: kumanzere, wonjezera pang'ono. Bulauzi ya Okutobala chaka chomwecho: kumanzere, theka la inchi. Diresi la Malichi chaka chino: kumanzere, inchi yathunthu, tsitsa mzere wa kukhwapa.

Zolemba zanga. Dzanja langa. Katatu konse ndinayeza, ndinalemba, n'kusoka bwinobwino kuti pasaoneke. Ndinkanyadanso kuti palibe telala wodziwa thupi la achemwali ngati ine.

Nsalu ili patebulo. Sizasi ili m'manja, koma sindikutha kudula.