Munda wa a Merv wayamba kuwola

Aphungu,

Pa 9 Febuluwale amuna anga a Merv anagwa ndi sitiroko, ndipo akadali m'chipatala. Anandisiyira thanki yawo ya nsomba za m'madzi amchere. Pansi pake, m'kabati, muli kathanki kena momwe amaweteramo ndere za m'nyanja zoyeretsa madziwo. Amati ndi munda wawo. Akukwezedwa mu ambulasi anandiuza movutikira kuti, "Nsomba uzidyetse, koma munda wanga usaukhudze, Glenys. Iwe ngakhale maluwa apulasitiki amakufera."

Sindinaukhudze. Tsopano ndere zadzaza kathanki, zapansi zatuwa ndipo zikununkha. Pa 3 Epulo nsomba imodzi inafa, zatsala zisanu. Mwana wathu Narelle akuti, "Amayi, gulitsani zimenezi, inunso mugwa." Koma Lamlungu lililonse a Merv, amene mawu ambiri akuwakanika, amakwanitsa kufunsa za mundawo, ine n'kungosintha nkhani. Ndatopa. Nditani kuti akapeze nsomba zawo zamoyo?

G.H., Townsville

*

Mayi G.H.,

Mwamvera kwambiri, ndiye vuto lake. Ndere zimayamwa litsiro la nsomba pamene zikukula, ndipo litsirolo limatuluka m'madzi pokhapokha mutazikolola. Zikathinana, zapansi siziona kuwala, zimawola n'kubweza zonse zomwe zinayamwa. Ndikhulupirira amuna anu ankazipatulira inu muli kwina.

Lero lomwe chotsani zonse zotuwa ndi theka la zobiriwira. Zotsalazo muzizitembenuza sabata iliyonse, ndipo nyale yowunikira nderezo m'kabatimo muyipukute mchere. Sinthani gawo la madzi ndi amchere osakaniziratu a kusitolo ya nsomba, ndipo akakuyezereni akalewo. Zigubu za madziwo asenze Narelle, popeza akudera nkhawa thanzi lanu. Chakudya cha nsomba muchepetse.

Lamlungu mutenge ndere zobiriwira zodzaza dzanja m'botolo, mukawaonetse a Merv, muwauzenso za nsomba yafayo. Akalipa, asiyeni akalipe. Munthu amene akuphunziranso kuyankhula amafunika nkhani yomuwawa, ndipo kuyambira pamenepo mundawo aziulamulira ali pabedi.

Chenjezo: zomwe mwachotsazo musakataye kumtsinje, kugombe kapena m'ngalande, zingakamere kosayenera. Ziumitseni mufiriji, kenako m'bini. Ndipo musachotse zonse chifukwa chotopa. Musiye zokwanira kuti mwini munda akadzabwera, adzapeze chokudzudzulirani.

Aphungu