Mowa Umene Mlongo Wanu Anandigulira

Okondedwa alamu a Esau,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Mitundu ana ali bwino, fodya tikusankha.

Lachiwiri ndinaperekeza mlongo wanu, mayi a Thoko, ku bwalo la ndege, ulendo wa kuchipatala ku India uja. Podikira tinakhala pa bala ya pomwepo. Mukudziwa mmene amadanira ndi kumwa kwanga, koma anandiitanitsira okha mowa wofiirira, wowawa, umene eni bala amafulula okha. Tchipisi chimene tinagula, iwo sanachikhudze.

"Imwani, lero sindikukalipirani," anatero. "Koma Thoko musadzamusiyitse sukulu."

Mowawo ndinangousiya pa tebulo.

Zimene adokotala a kuno anandiuzira pambali si za m'kalata. Ngati mungathe, bwerani mvula isanagwe. Musadikire kuti ndikuimbireni foni.

Ndine mlamu wanu,
Fanuel