Anapiye Amene Ndinagula ku Tauni

Makusha, Shurugwi
24 Julaye

Okondedwa achemwali anga a Enala,

Moni wochokera pansi pa mtima. Muli bwanji uko ku Ntcheu, inu, alamu anga ndi ana? Mwendo uja unasiya kutupa? Kuno tonse tili bwino, kungoti chisanu cha chaka chino chanyanya, m'mawa madzi a m'ndowa amachita kuluma zala. Bambo a Noku akadali ku mgodi wa kuromu kuphiri kuja, amabwera ali fumbi lokhalokha koma mphamvu zilipo.

Mudabwa kuti kalata ya chiyani pamene foni ilipo. Pa foni mumandidula mawu, achemwali. Uphunzitsi unakulowani m'magazi, munthu asanamalize kulankhula inu mwamuchonga kale. Ndiye lero mundimvera mpaka kumapeto, mufune musafune.

Nkhani ndi ya mwana wanga Nokutenda, Noku wathu uja. Mu Meyi muja tinagwirizana kuti mu Ogasiti mubwera kudzamutenga kuti akalowe sukulu kwanuko. Munati mwana wa zaka khumi ndi chimodzi sangamaphunzire pa mwendo wa mayi ake osoka zovala, ndipo ine ndinavomera. Chimene simukudziwa n'chakuti nthawi imeneyo mwanayo sindinamuuze, ngakhale bambo ake sindinawauze.

Mukukumbukira chimene tinamuchotsera ku sukulu. Giredi 4 anabwereza, kuwerenga kuli pang'onopang'ono, anzake akumuseka, aphunzitsi akumunena pamaso pa kalasi kuti mutu wake ndi mwala. Zinafika poti akangoona yunifolomu m'mawa, mwana ayambe kusanza. Chaka ndi theka tsopano tikuphunzira pakhomo, iye ndi mng'ono wake Natsai.

Sukulu yathu mutaiona mungaseke. Tebulo ndi chitseko chakale chimene tinachigoneka pa zidina. Tikatha kusesa ndi kumwa tiyi, Natsai amaimba belu, ndiye kuti kumenya chivundikiro cha poto ndi supuni mpaka agalu a anansi auwe. Masamu timachita ndi tepi yanga yoyezera ndi zidutswa za nsalu. Lachisanu timapita ku msika kukawerenga zikwangwani. Lamlungu masana bambo awo amakhuthula miyala m'thumba n'kuyamba kuwaphunzitsa kuti uwu ndi wakuti, uwu ndi wakuti, mpaka amaiwala kuti ana ali ndi njala.

Koma ine mumtima ndinali ndi mantha. Noku kuwerenga kwake kukadali kokoka, zolemba zake ngati nkhuku yapalasa. Ndikamuyang'ana ndinkadzifunsa kuti kodi sindikumuphera tsogolo mwanayu? N'chifukwa chake mutandiimbira ndinangoti inde.

Ndiye mu Juni Noku anabwera ndi nzeru yake. Thadzi la Mbuya Noria, agogo oyandikana nafe aja, linagwidwa ndi galu n'kusiya mazira khumi ndi awiri. Noku anati iye awaswetsa yekha popanda nkhuku. Ine ndinati chabwino, likhale phunziro la sayansi, koma kunena zoona ndinkangoti tione.

Maiwe, achemwali, nyumba inasanduka chipatala! Anatenga bokosi la kelaiti, loyera lopepuka losunga kuzizira lija tinkasungiramo mafirizi ogulitsa, bambo ake anamuikira babu m'kati, pamwamba anaboola kawindo n'kumatapo galasi la fulemu ya chithunzi cha ukwati wanga. Inde, cha ukwati wanga, osapempha! Anaikamo kambale ka madzi ndi temometa yathu yoyezera ana akatentha thupi. Dzira lililonse analilemba nambala ndi pensulo.

Katatu pa tsiku amatembenuza mazira, n'kulemba m'kope kutentha kwake. Mwana amene ndimachita kumukoka kuti alembe mizere iwiri, kope linadzaza theka sabata ziwiri zisanathe.

Vuto linali magetsi. Mukudziwa za kuno, amapita osatsanzika. Akangozima, Noku amafuula ngati nyumba yapsa, tonse kuthamanga. Ine kukoleza moto panja, Natsai kutola mabotolo, Noku kuthira madzi otentha n'kuwakulunga m'masokosi a bambo ake, kuika m'bokosi, kufunditsa bulangeti. Tsiku lina anandichotsa pa mashini ndili pakati posoka diresi la mkwatibwi, akuti mkwatibwi angathe kudikira koma mazira sadikira.

Tsiku lachisanu ndi chiwiri tinawaunika. Tinatenga tochi ya pamphumi ya bambo ake, yolowa nayo mu mgodi ija, tonse anayi mitu m'bulangeti dzuwa likuswa mtengo. Achemwali, ndakula ndikudya mazira koma zimenezi sindinazionepo. M'kati muli timitsempha tofiira ngati kangaude, pakati kadontho kakugunda. Bambo a Noku, munthu wamkulu ndi ndevu zawo, anakuwa kuti kali moyo, kali moyo! Mazira atatu anali opanda kanthu. Noku anati atatu mwa khumi ndi awiri ndi kota, ndiye atsala makota atatu. Ine ndinangomuyang'ana, pajatu makota amenewo ndinavutika nawo mwezi wathunthu osalowa.

Tsiku la 21 linali Lachitatu. Buku limene tinabwereka linati ndilo tsiku loswa. Noku anakhala pa bokosi kuyambira m'mawa, maso pa kawindo, kudya anakana. Dzuwa linalowa, zii. Lachinayi m'mawa, zii. Mbuya Noria anasuzumira n'kunena kuti mazira amenewo asukusa, tingowataya asanatinunkhire.

Apa ndi pamene mng'ono wanu anachita zopusa. Ndinaona mwana wangayo atakhala chete, milomo youma, ndipo ndinakumbukira nkhope ija ankabwera nayo kuchokera ku sukulu. Ndinati ayi, mwana uyu akalepheranso apa sadzayesanso kanthu moyo wake wonse.

Ndinawatuma ana onse awiri ku mjigo, poti mzere wake umatha maola awiri. Noku anakana, ine ndinamukalipira mpaka ananyamula chigubu akulira. Atangokhota, ine chitenje m'chiuno, kukwera kombi, minibasi zakuno, tauni. Ndinagula anapiye asanu ndi mmodzi ku sitolo ya zaulimi. Ndinati ndikagula asanu ndi anayi onse bodza lionekera.

Nditafika ndinachotsa mazira asanu ndi limodzi m'bokosi n'kukawaika m'beseni kuseri kwa nyumba kuti ndikawakwirire kudzala madzulo. Ndinaswa mazira a kukhitchini, zigoba ndinamwaza m'bokosi, anapiye ndinaikamo. Ndinakhala pa mashini n'kumaimba nyimbo ya kwaya ngati munthu wosalakwa.

Atabwera, Natsai anamva kulira kwa anapiye ali pageti. Anaponya chigubu, kuvina, kudumpha, kuitana msewu wonse. Ine ndinadzuka pa mashini ndikululutira.

Noku sanaseke. Anagwada, anatsegula bokosi, anatola chigoba chimodzi n'kuchitembenuza uku ndi uku. Anatola china. Kenaka anati zigoba izi zilibe manambala. Anatinso mwanapiye wongoswa kumene amakhala wonyowa, awa ndi ouma ndipo nthenga za m'mapiko zayamba kale. Anati nkhuku za Mbuya Noria ndi zakuda ndi zamawangamawanga, nanga mabuloyila achikasuwa achokera kuti?

Nthungululu zinandithera pakhosi. Ndinaima pamenepo ngati galu wogwidwa akuba mazira. Iye sanakuwe, anangondifunsa kuti mazira ake ndawaika kuti.

Nditaloza kuseri anathamanga. Ndinamupeza atawanyamulira m'juzi lake, akuika limodzilimodzi pa khutu. Atafika pa nambala 7 anaima, n'kundipatsa kuti ndimvere ndekha. Achemwali, dzira linkalira! Kamawu kakang'ono m'kati mwa chigoba, tswii, tswii. Ndinakhala pansi pa fumbi pomwepo.

Atabweza mazira m'bokosi anabweretsa kope lake n'kutsegula pa tsiku la 16. Anali atawonkhetsa maola onse amene magetsi anazima ndi masiku amene kutentha kunatsika, ndipo pansi pake analemba kuti anapiye adzachedwa ndi masiku awiri. Mawu olakwikalakwika, zilembo zopendama, koma nzeru yake ili bwinobwino. Kope limeneli linali pa tebulo masiku onsewo, ndipo ine mphunzitsi wake sindinaliwerenge, chifukwa zolemba zake zimanditopetsa maso. Kukhala chete kuja sikunali kutaya mtima ayi, mwana ankangodikira tsiku lake.

Kenaka ananena mawu amene mpaka lero akundiwawa. Analankhula m'Chishona, pajatu akakwiya Chichewa chimamuthawa. Anati aphunzitsi aja ankamuuza pamaso kuti sangathe, koma ine ndamuuza zomwezo ndi anapiye ogula.

Ndinalira, achemwali. Ndinapepesa mwana wanga wobala ndekha, nditagwada.

Lachisanu m'mamawa nambala 7 inaboola. Kabowo kakang'ono, kamlomo kakutuluka, kupuma, kugogodanso. Ine manja ankandiyabwa kuti ndithandize kusenda, Noku anandimenya kadzanja n'kunena kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwambi umenewo ndinamuphunzitsa ndine, lero ukundibwerera! Pofika masana kanatuluka, konyowa, konyansa, kakuda bii, ndipo tonse tinakuwa mpaka Mbuya Noria anabwera akuthamanga opanda mpango kumutu.

Pofika Loweruka anaswa asanu ndi awiri. Asanu ndi awiri, achemwali, m'bokosi la mafirizi, mu Julaye wa ku Shurugwi! Awiri anafera m'chigoba, ndipo onse awiri anali mwa aja ndinawaika pa mphepo. Noku anawatsegula ndi bambo ake, anawajambula m'kope, n'kulemba kuti anafa ndi kuzizira. Sanalembe dzina langa, koma tonse tikudziwa.

Pano pakhomo ndi phokoso lokhalokha. Anapiye khumi ndi atatu, chifukwa ogula aja Natsai anawalanda akuti ndi ana amasiye. Noku amawayeza kulemera pa sikelo ya kukhitchini Lolemba lililonse, akufuna aone kuti ogula ndi oswa akula msanga ndi ati. Amayi atatu a m'misewu ino abwera kale kudzafunsa kapangidwe ka bokosilo, ndipo iye amawaimika n'kuwafotokozera ngati mlangizi wa boma. Dzulo wawerenga yekha masamba anayi a buku la nkhuku lija mokweza, akukakamira pa mawu ovuta mpaka atuluke.

Lamlungu tikuchokera ku tchalitchi ndinawaululira za pangano lathu. Ndinaona kuti bodza limodzi landikwana. Bambo a Noku anakwiya, anati mwana si katundu woti azimayi awiri n'kumagawana pa foni, ndipo masiku awiri sanandilankhule. Sindiwanena, anali ndi chifukwa.

 Noku anati amayi aakulu abwere ndithu, adzamufunse mafunso onse amene akufuna, masamu kaya sayansi, iye sathawa. Koma ulendo wa ku Malawi sangathe, chifukwa pa 5 Ogasiti akuika mazira a nkhanga, ndipo a nkhanga amatenga masiku 28. Anafunsanso kuti ngati ine ndikufunadi kuti apite, ndimuuze pamaso.

Ndinamuuza pamaso kuti sindikufuna.

Ndiye pempho langa ndi ili. Ndikubweza mawu anga a mu Meyi. Ndikudziwa kuti mwamupezera kale malo, mwalankhula ndi a hedi, mwina ndi bedi mwakonza. Ndikudziwanso kuti munachita zonsezi chifukwa chomukonda, ndipo ndakuchititsani manyazi. Ngati mukwiye, kwiyirani ine.

Sindikunena kuti zonse zili bwino. Kuwerenga kwake kukadali m'mbuyo, ndipo mayeso a Giredi 7 akubwera, tidzayenera kumulembetsa. Pamenepo ndi pamene ndikukufunani. Bwerani Ogasiti yemweyo monga tinapangana, mudzakhale nafe sabata ziwiri. Mubwere ndi mabuku aja mumaphunzitsira ana ochedwa kuwerenga, mudzandiphunzitse ine kaphunzitsidwe kake. Mudzandichonge mmene mungafunire, ndipirira.

Koma tikiti yobwerera mugule imodzi. Mwana uyu anthu amukayikira mokwanira, ndipo womaliza kumukayikira ndinali ine mayi ake. Ndikamukweza basi tsopano, ndiye kuti ndanenanso kachiwiri, ndipo ulendo uno sadzandikhulupiriranso.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Yafeti, kwa ana onse, ndi kwa azakhali ku Biriwiri, muwauze kuti mankhwala a maso aja ndidzakupatsirani. Bambo a Noku akuti moni, ayambanso kulankhula. Natsai akuti mumubweretsere bonya. Noku akuti ndisamulembere moni, alemba yekha kuseri kwa pepalali, ndiye mutembenuze ndipo muwerenge mpaka pansi, musachite ngati ine.

Mulungu akusungeni, akuyendetseni bwino pa msewu wa ku Tete mpaka tidzaonane maso ndi maso.

Ndine mng'ono wanu wosamva uja,
Leticia (Mai Noku)