Mdzukulu Wanu Walangidwa Chifukwa Cholongolola

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino. Kodi bondo lija likuvutabe? Kuno tili bwino, kungoti makina anga osokera ayamba kudula ulusi, mwina atopa nane.

Amalume andifikitsira uthenga wanu. Akuti ndimubweze mdzukulu wanu kumudzi, chifukwa mwana wogontha m'kutu akungotha nsapato kusukulu ya ana akumva, ndipo anzake azingomuseka. Amayi, ulemu wanu ndimausunga, koma apa ndakana. Mwanayu sachoka pasukulu.

Sabata yatha aphunzitsi ake anandiitanitsa. Ndinapita mtima uli m'mwamba, poganiza kuti wina wamumenya. Ndinam'peza akusesa pabwalo ndi atsikana anzake, onse ali pachilango. Mlandu wake unali kulongolola m'kalasi. Mwana yemweyu, amene kumudziko mumati sadzacheza ndi munthu.

Anayambitsa ndi mnzake wa padesiki, mwana wa okonza njinga. Ankamufunsa kuti pensulo kapena njala amazinena bwanji ndi manja, ndipo ena anatengera. Tsopano aphunzitsi akangotembenukira kubolodi, mzere wonse wakumbuyo umajeda ndi zala, kenako onse n'kuphulika ndi phwete. Aphunzitsi anafuna kumuchotsa wanga pachilangocho pomumvera chisoni, koma mnzake uja anatsutsa kuti nthabwalayo mwini wake ndi yemweyu, asese nawo. Wanga analanda yekha tsache.

Ndinapepesa kwa aphunzitsi nditakwinya nkhope monga kholo. Koma pobwerera ndinalira m'njira ndi chimwemwe, chifukwa aka n'koyamba mwana wanga kulakwa pamodzi ndi anzake.

Si onse akondwa. Pamsonkhano wa makolo bambo wina anadandaula kuti wanga akuchedwetsa ana awo. Ndinaimirira n'kuwauza kuti mwana wawo analowa m'kalasimo ndi chilankhulo chimodzi, adzatuluka ndi ziwiri, ndiye azindithokoza. Anangokanda m'mutu n'kukhala pansi.

Patchuthi tibwera, ndipo pempho langa ndi limodzi. Alendo akafika, musadzamutumizenso kuchipinda monga munachitira ulendo watha. Musaganize kuti sanazindikire. Tili m'basi anandifunsa ngati agogo amachita naye manyazi. Zimandipwetekabe mpaka lero. Mukadzamubisanso, tidzanyamuka tsiku lomwelo.

Mundiperekere moni kwa amalume, azakhali ndi achimwene pamodzi ndi alamu anga. Mdzukulu wanu akuti adzakuphunzitsani kunena ndi manja mawu oti agogo. Anzake onse a m'kalasi amadziwa kale, mwatsala ndinu nokha.

Ndine mwana wanu wamakani uja,
Telala