Hutala ya Lole pa Kagalimoto ka Madamu

Lolemba, 3 Malichi

…ndiye nditangoidina kamodzi, POOO! Galu wa aneba kulumpha mpanda osaukhudza. Nkhunda za mzere wonse m'mwamba. Ineyo mtima unaima kaye, kenako n'kubwerera pa ntchito. Hutala ya lole imeneyo, pa kagalimoto ka Madamu.

Ndayambira pakati, ndilongosole. Madamu ali ku maphunziro awo a unamwino, masabata awiri. Galimoto yawo yatsopano, miyezi isanu chiigulire ku kampani, m'kati mukununkhabe pulasitiki. Makiyi anasiyira ine. Pochoka anati: "Muziiliza m'mawa uliwonse, batire isagone." Kuiliza. Mawu awo amenewo, si anga. Tsono kahutala kobwera nako kaja kamalira ngati mwana wa mphaka wa chimfine. Wometa wa mbiri ngati ine, amene mabwana amaweramitsa mutu pamaso panga, n'kumayenda ndi pii-pii? Ayi ndithu.

Aimanga ndi a Mawaya, wa zamagetsi wa kuseri kwa shopu yanga. Ola limodzi basi. Madamu ndawaimbira foni, avomera. Ati chitani mmene mukuonera.

Lachiwiri, 4 Malichi

Hutala payokha imasungulumwa. Lero magetsi abuluu pansi, sipika m'buti, kukula kwake ngati bafa losambitsira mapasa. A Mawaya kudula apa, kusenda ndi mano, kupota, tepi wakuda pamwamba. Ati ngakhale eni fakitale sangazindikire. Munthu uja sukulu sanapite koma magetsi amamuopa.

Tsiku lonse kumeta anthu maso ali pa galasi, kuyang'ana galimoto panja. Wina ndamudya theka la nsidze. Ndamuuza kuti ndi sitayilo yangofika kumene. Wapita akumwetulira.

Alamu, mchimwene wa Madamu, anadutsa madzulo. "Mlamu, iyi ndi galimoto kapena disiko?" Nsanje basi. Munthu woyenda pa njinga yopanda ndi belu lomwe.

Lachinayi, 6 Malichi

Pa maloboti. Dzuwa lili pamutu. Galimoto kutsokomola kawiri, zii.

Hutala ikulira bwinobwino. Abuluu akuyaka. Sipika ikugunda mpaka m'mano. Koma kuyenda ayi. Kumbuyo kwanga magalimoto ndithu mazana atatu, onse pii-pii, ine n'kuwayankha kamodzi kokha, onse chete. Chokhacho ndiye chinanditonthoza. Okankha anali asanu, mmodzi wa iwo ndi wa nsidze uja.

A Mawaya foni yozima. 

Lachisanu, 7 Malichi

Aikoka kupita nayo ku kampani. Malo aja pansi pamawala kuposa galasi langa, munthu umaona mano a nsapato zako. Mayi wa pa desiki anatuluka, kuzungulira galimoto, kuwerama, kuona abuluu, kutsegula buti, kutsekanso msangamsanga. Anandifunsa kuti waika izi ndani. Ndinati mwina zinamera. Sanaseke.

Kenako mawu amene andisowetsa mtendere: "Bambo, apa pali nkhani ya waranti. Siyani dzina ndi nambala, mubwere Lachitatu."

Waranti! Ine waranti ndimadziwa imodzi, ya apolisi, imene anatengera msuweni wanga ali ndi thawulo lokha m'chiuno. Dzina ndinalemba mopendeka kuti lisawerengeke. Ndinatuluka chafutambuyo, kuwerama mpaka pa geti, mlonda ndamupatsa moni katatu.

Ndakafunsa alamu, poti iwo anafika patali ndi sukulu. Anavula chipewa, kupukusa mutu. "Kudula mawaya a kampani? Zaka ziwiri. Ndi abuluuwo, zitatu." Ati sopo azindibweretsera, ndipo mpando wanga wozungulira uja ausunga kwawo kuti usachite dzimbiri. Munthu wabwino, ndinkamuganizira zoipa.

Lamulungu, 9 Malichi

Kutchalitchi mpando wakutsogolo. Ndaimba mpaka a kwaya kutembenuka.

Chikwama ndalongedza. Mswachi, bulangete, makina ometera. Kundende kulinso mitu. Pakutha mwezi ndidzakhala ndikumeta oyang'anira, pakutha chaka makiyi azidzasunga ine.

Madamu anaimba masana. "Galimoto mukuiliza?" Ndinati kwambiri.

Nditaika foni pansi nthabwala zinandithera. Zaka zisanu ndi chimodzi akazi anga akuyenda wapansi kupita kuchipatala, miyendo yotupa, nsapato imodzimodzi yoyera kuipaka choko. Tsiku loitenga anakhala m'katimo osailiza, kungosisita chiwongolero. Ndende si kanthu. Koma nkhope yawo akadzamva kuti ndaipha.

Lachitatu, 12 Malichi

Lero! 

Ndinapita nditavala suti ya ukwati, chikwama m'manja, kuti akandijambula ndioneke munthu. Ananditengera kwa mkulu wa amakanika, bambo wa imvi, magalasi pa nsonga ya mphuno. Ine osadikira, manja onse awiri kutsogolo. Ndinati mangani, koma Madamu alibe mlandu. Bambo uja kundiyang'ana, kuyang'ana chikwama, kufunsa kuti muli chiyani. Nditatchula bulangete anagwira boneti kuti asagwe. Galaja yonse kusiya masipanala. Ngakhale mayi wa pa desiki mano onse panja, kani ali nawo.

Kani waranti ziliko ziwiri! Iyi si yomangira munthu. Ndi lonjezo la kampani: zaka zitatu, chofa chokha akonza ulere, chopha iwe ndi manja ako ndi maliro ako. Anandifotokozera ngati mwana. Chimene chinafa ndi pampu ya mafuta, inabadwa yodwala kuchokera ku fakitale. Analondola mawaya a a Mawaya mmodzimmodzi, palibe wofika ku pampu. Ndiye pampu yatsopano, osalipira kanthu. Anandionetsa ndi chala pamene mano a mnzanga uja anadutsa, pafupi ndi waya wa pampu ngati nsidze ndi diso. "Akanaluma apa, injini yonse ikanakhala pamutu panu. Mwapulumukira m'kamwa mwa mbuzi."

Koma si zonse zokoma. Mbali ya magetsi, kumene kunadulidwa, lonjezo latha. Ati nyale zikadzazima kapena fyuzi ikadzapsa ndisadzabwere ndi suti. Azilemba mu kompyuta, ndipo pepala andipatsa kuti mwini galimoto asaine. Mwini galimoto. Eya.

Abuluu ndi sipika ndachotsetsa pomwepo. Hutala ndinaigwadira. Aimanganso mwa ukatswiri, ndi fyuzi yakeyake, mawaya obisika bwino, zimenezo ndalipira ndekha mosanyinyirika. Makina anali kale m'chikwama, ndiye mkulu uja ndamumeta pa mpando wa galaja, watuluka mnyamata, akazi ake akamufunsa chiphaso pa khomo.

Alamu nditawapeza anayamba kuseka ndisanatsegule pakamwa. Ankadziwa! Masiku asanu munthu ndikutsanzikana ndi mapilo. Mpando wanga wozungulira anali ataupezera kale malo pa khonde. Chabwino. Mutu umenewo udzabwera wokha pansi pa makina anga. Tsitsi silisunga chinsinsi, limamera.

Lachisanu, 14 Malichi

Galimoto yabwera. Ikuyenda ngati ikupepesa. Ndaitsuka kawiri, matayala kupaka polishi wa nsapato. Ntchentche ikatera ikutsetsereka mpaka pansi.

A Mawaya foni yayaka. Ati anali ku maliro. Maliro a ndani, ati sanafunse.

Pepala lija ndaliika pa tebulo. Ndalichotsa. Pansi pa matiresi. Ndalibwezanso pa tebulo, mbale ya shuga pamwamba kuti nkhani itsekemere. Mawa.

Loweruka, 15 Malichi

Madamu afika. Moni wabwino, ati ndaonda. Ndinati ndi chikondi. Asanatule chikwama maso pa tebulo. Awerenga ataimirira, kawiri, mlomo ukuyenda. Kundiyang'ana kuyambira ku nsapato. Funso limodzi lokha: "Bulangete munatenga liti?" Kani alamu anawaimbira kalekale. Ndinati lofiira. Ati limenelo ndi la alendo. Asaina, atenga makiyi, atuluka.

Ine kuchipinda, chitseko chotseka, kope pa bondo. Ngati ndi mathero anga, apeze zolemba.

POOO.

Kamodzi. Kamodzi ndi mkwiyo.

POOO. POOO. PO-PO-POOO.

Ayi, wokwiya saimba nyimbo. Ndasuzumira pa windo. Mutu uli pa chiwongolero, mapewa akugwedezeka, akupukuta misozi ndi kolala ya yunifolomu. Akundikodola. Akuti za magetsizo tikambirana bwino ndipo sindizikonda, koma pakali pano ndikwere, tikaidinire pa geti la mchimwene wawo, nthawi ino amakhala ali mtulo ta masana.

Ndisanatuluke ndikonze chinthu chimodzi. Lolemba lija ndinalemba kuti ndinawaimbira n'kuvomera. Bodza. Foni sindinaikhudze n'komwe. Munthu kunamiza kope logula ndekha! Akuidinanso, nsapato ina ili ku