Kachipangizo kagone kumunda

Nairobi,
Lachiwiri masana

Okondedwa Ababa,

Salaamu aleikum. Mwaswera bwanji pamodzi ndi amayi? Bondo lija lasiya kutupa? Ine thupi lili bwino, koma mtima suli m'malo. Kalatayi ndiijambula n'kuitumiza pafoni ya achimwene a Nasiru kuti akuwerengereni kumunda komweko. Kuimba sindikanatha, chifukwa mukangokweza mawu ine ndimaiwala zomwe ndimafuna kunena.

Chionetsero chija chinayamba dzulo. Holo yake ndi yaikulu kuposa msika wa ku Jali, ndipo mwadzaza ife opanga tizipangizo tobisika m'kati mwa makina. Aliyense ali ndi tebulo lake. Langa analiponya pakona, pafupi ndi khomo la kuchimbudzi, koma sindikudandaula poti aliyense amadutsapo. Ndaikapo sikirini yoonetsa kuchuluka kwa madzi m'puloti yathu ya mpunga ku Likangala, monga kakuyezera kachipangizo kaja ndinazika m'matope mu Januwale. Kamatumiza uthenga mphindi khumi zilizonse.

M'mawa uno kunabwera oweruza atatu. Iwowa Lachinayi asankha zipangizo khumi zoti zikapangidwe zambiri kufakitale. Mmodzi wa iwo, mayi wa magalasi wosaseka, anayang'ana sikirini nthawi yaitali, kenako anandifunsa kuti ndi munda wanji umene umauma gwa faifi koloko madzulo aliwonse n'kudzazanso sikisi m'mawa. Anafunsanso ngati madzi akwathu amapita kutchuthi Lachisanu masana. Anzake anaseka, iye ayi. Ananena pamaso pa anthu kuti manambalawa akuoneka ophika.

Ababa, ndinachita manyazi. Ineyo kuumako ndinkakuona kale, koma ndinkayesa kuti ndi batire, ndipo masabata atatu ndakhala ndikusakasaka cholakwika m'pulogalamu imene ndinakalembera. Atachoka ndinaimbira a Nasiru. Iwo anaseka mpaka kutsokomola, nandiuza kuti madzulo aliwonse mumakazula, kukatsuka matope, kukakulunga m'chitenje cha amayi n'kukamanga pakaliyala ya njinga pamodzi ndi khasu. Akuti kamagona kunsi kwa bedi lanu, ndipo Lachisanu mumapita nako kumzikiti m'thumba.

Nditamva ndinalira, ndipo sindikudziwa ngati unali mkwiyo kapena chifundo. Ndikudziwa kuti kwathu munthu sasiya chida kumunda. Ndikudziwanso kuti chibedwereni pampu ya alimi anzanu a Mateyu simukhulupirira munthu pasikimupo, ndipo mumati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Cholakwa ndi changa. Ndinangoti mukasamalire, osakuuzani kuti ntchito yake yeniyeni ndi ya usiku, nthawi imene ena amatsegula ngalande mwakuba inu muli mtulo.

Mayi uja ndinamuthamangira n'kumufotokozera zonse. Sanatsutse, sanavomere. Anangoti akufuna kuona usiku uwiri wathunthu, walero ndi wamawa, mzere wa madzi pasikirini osaduka. Ukaduka andichotsa pamndandanda ngati wonama. Pantchito yathuyi anthu ndi ochepa ndipo amadziwana, choncho dzina lotere lidzanditsogolera kulikonse kokafunsira ntchito.

Pempho langa ndi limodzi. Kachipangizoko kagone kumunda mpaka Lachinayi masana. Musakazule, musakatsuke, musakafunditse pepala ngakhale mvula igwe ya matalala. Matope sakapweteka, ndinakapangira momwemo. Musakagonenso kumundako pokalondera, bondo lanulo silingalole. Kakabedwa kabedwe, china ndipanga m'masiku anayi, ndipo sindidzakufunsani kanthu.

Pano ili thiri koloko, kwanuko ndiye kuti thu. Kwatsala maola atatu kuti mumange khasu panjinga. Ndikudziwa kuti kutembenuka n'kusiya chinthu cha mwana wanu m'madzi kukuwawani kuposa momwe ndingalembere. Simunandiphunzitse kulamula akulu, ndipo sindikulamula. Ndagwira mwendo wanu.

Mupereke moni kwa amayi, muwauze kuti chitenje chawo abwezeredwa. Moni kwa azakhali ku Kuntumanji, kwa alamu anga ndi ana, ndi kwa amalume a Ayuba ngati abwerako kunyanja.

Musavutike n'kuyankha. Ikamakwana faifi koloko yanu ndikhala nditaima patebulo pano, maso pasikirini, ndipo yankho lanu ndiliona pomwepo.

Ndine mwana wanu,
Jamila