Mwala Wopepuka wa Amayi

Lachiwiri, 22 Epulo

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tikudzuka. Ndasankha kulemba kalata chifukwa pafoni mumandidula mawu, koma pepala simungalikalipire.

Chithunzi cha manda a amayi ndinakutumizirani ndine, choncho moto wabukawu ndinausonkha ndine. Munawauza abambo kuti akuchititsani manyazi: munthu wosema ziliza moyo wake wonse, amene miyala yake imatulutsa thukuta amuna amphamvu, mkazi wake n'kumuikira kamwala koti ine ndekha ndinakakankha pa wilibala. Munati simudzapondanso pakhomo pano mpaka atakonza. Abambo sanakuyankheni. Mukuwadziwa, mawu awo amathera pa tchizulo. Ndiye ndikuyankhani ndine.

Mukukumbukira mmene amayi ankachedwera kutchalitchi? Ife tili kale pamsewu, iwo akufunafuna mpango, akaupeza yasowa nsapato inzake. Ankalowa nyimbo yoyamba itatha, akumwetulira ngati mlendo wolemekezeka. Chaka chatha, matenda atawagwira, ndinkawakhazika pakhomo la shedi kuti aziwothera dzuwa abambo akugwira ntchito. Tsiku lina anayang'anitsitsa chimwala chimene abambo ankapukuta, n'kunena kuti, "Inu bambo a ana, zolemera zanuzi musadzandisanjike nazo. Moyo wonse ndakhala wochedwa ine. Tsiku louka lokhalo ndikufuna ndidzafike nyimbo isanayambe."

Abambo anaseka mpaka kutsokomola. "Mudzachedwabe inu, mukusaka mpango."

"Lonjezani basi."

Analonjeza. Ndinalipo, sindikuchita kumva kwa anthu.

Komabe sindikubisirani, nanenso kamwalako kankandiwawa. Anthu salephera kunong'ona, ndipo ndimawamva. Lamlungu la Pasaka lapitali, titatuluka m'tchalitchi, tinadzera kumanda awiriwiri. Ndinalimba mtima n'kuwafunsa kuti, "Abambo, mukukhulupiriradi kuti mwala ungawatsekereze amayi?"

"Iwe mwana," anatero, "wa pamanda a Ambuye unali waukulu kuposa yanga yonse, koma akazi amene analawirira kumeneko anaupeza uli kale pambali. Mwala sutsekereza munthu. Kungoti ntchito iyi ndinaiyamba iwe usanabadwe, ndipo anthu ndimawaona akabwera kushedi. Ena amati, 'Thirani simenti yambiri, musasiye mpata,' chifukwa mumtima atsanzika mpaka kalekale. Ndimawapangira, sindiwaweruza, chisoni n'cholemera. Koma Ambuye anauka, ndiye mayi ako angogona. Munthu wogona umamufunditsa, sumukhomera chitseko ndi misomali."

Atatero anavula chipewa n'kuyamba kupukuta fumbi pa dzina la amayi. Achimwene, ndinalira. Koma sikunali kulira kwa pamaliro paja. Kunali ngati kumene tinalira pokuperekezani pa ulendo wanu wokakhala kutali uja, kowawa ndithu, koma tikudziwa kuti munthu adzabwera. Dzulo ndi lero ndadutsa pamandapo osatembenuza nkhope.

Zina n'zazing'ono. Denga la kukhitchini layambanso kudontha pakona paja. Ngati mungapeze jekete lofunda, muwagulire abambo, koma locheperako, chifukwa akale onse akuwakulira. Chifuwa chija cha fumbi la miyala sichikutha. Adokotala awauza kuti asiye ntchito, ndipo chimene chandiopsa n'chakuti amvera osatsutsa. Maoda onse awabweza. M'shedi mwatsala mwala umodzi wokha, wofanana ndi wa amayi kukula kwake ndi kupepuka kwake. Amausema pang'onopang'ono m'mawa, mpweya ukawalola. Ndikalowa amautembenuzira kukhoma, koma dzina ndinaliona: ndi lawo lomwe.

Iwo mantha alibe. Amadya, amandiseka kuti tiyi wanga ndi madzi otentha chabe, ndipo madzulo amang'ung'udza nyimbo yoyamba ija amayi sankaipeza kutchalitchi. Za inu amati adzakuonani ndithu, kaya kuno kaya uko. Ine chikhulupiriro changa sichinakule kufika pamenepo. Ndikufuna kukhale kuno, pakhomo la shedi, dzanja lawo likadali lofunda. Mukafuna kukalipa mudzakalipire pomwepo, mpando ndikuikirani.

Moni kwa alamu, ndipo ana muwauze kuti azakhali awo akuwasowa. Abambo akupereka moni kwa nonse. Ndinawafunsa ngati ali ndi mawu ena opita kwa inu. Anapukuta tchizulo, kenako anati, "Umuuze kuti sindinakwiye. Kuchedwaku anatengera mayi ake. Koma mayi ake, ngakhale nyimbo itatha, ankafika."

Ine mlongo wanu wokukondani,
Chitsirizira